CapCut, Premiere Pro kapena DaVinci Resolve: Yogwirizanitsira Milomo ndi Nyimbo Ndi Iti?

Ophunzira akapatsidwa ntchito yopanga kanema wa nyimbo, momwe woyimba amangotsatira ndi milomo nyimbo yojambulidwa kale, ambiri amathera masiku akukangana za kamera, chonsecho chimene chidzawagonetse mochedwa ndicho kuika chidutswa chilichonse pamalo pake kuti pakamwa pazitseguka pomwe liwu likumvekera. Ine ndi anzanga tinajambula nyimbo imodzi maulendo 14 m'malo anayi, ndipo mulu wa zidutswa umenewo ndi umene unandionetsa kusiyana kwa mapulogalamu atatuwa.

CapCut, ya kampani ya ByteDance, ndiyo yosavuta kuphunzira, imagwira pa foni ndi pa kompyuta, komanso imatha kuika zizindikiro pa kugunda kwa nyimbo kuti muzidula motsatira ng'oma. Ngati mwajambula maulendo atatu kapena anayi, ikukwanirani. Vuto limabwera pa foni, pomwe chidutswa chilichonse mumachikoka ndi chala. Kanema wa mafelemu 25 pa sekondi (felemu ndi chithunzi chimodzi mwa zithunzi zotsatizana zimene zimapanga kanema) amakhala ndi felemu imodzi pa mamilisekondi 40 alionse, ndipo mukaphonya ndi mafelemu awiri kapena atatu, woonera amazindikira kuti pali chimene sichikuyenda ngakhale atalephera kuchitchula. Pogwirizanitsa ndi manja, ine ndimafunafuna mawu okhala ndi m, b kapena p, chifukwa pamenepo milomo imatsekeka ndithu ndipo felemu yake siisowa. Kuchita zimenezi maulendo 14 pa kagalasi kakang'ono n'kotopetsa kwambiri.

Premiere Pro ndi DaVinci Resolve zimaichotsa ntchito imeneyi m'manja mwanu. Zonse ziwiri zimayerekeza mafunde a mawu amene kamera inatola pojambula ndi mafunde a nyimbo yeniyeni, kenaka zimaika zidutswa zonse pamzere umodzi, n'kukulolani kuziona pamodzi pa galasi limodzi, njira yotchedwa multicam. Nyimbo ikuyenda, inu mumangodina manambala posankha chithunzi chimene chionekere, ngati kuti munali ndi makamera 14 nthawi imodzi. Kwa kanema wa nyimbo, ichi chokha n'chifukwa chokwanira chosamukira pa kompyuta.

Kusiyana kwa ziwirizi kuli pa ndalama ndi pa mphamvu ya makina. Premiere Pro, ya Adobe, imalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo ngakhale ophunzira amawachotserako mtengo, mukasiya kulipira simungabwererenso m'ntchito yanu kukakonza pomwe mphunzitsi wadandaula. Ndimailimbikitsa kwa okhawo amene sukulu yawo inawalipirira kale. Resolve, imene kampani ya Blackmagic Design inagula mu 2009, ili ndi mtundu waulere wotulutsa kanema wa kukula mpaka 3840 x 2160 (chiwerengero cha timadontho topanga chithunzi, m'lifupi ndi m'litali), ndipo pokonza mitundu kuti zojambulidwa masana ndi madzulo zifanane, ndiyo imene ndimaikhulupirira koposa. Koma ndi yolemera pa kompyuta. Eni ake amanena kuti pakhale RAM (malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwirapo ntchito pa nthawiyo) ya 16 GB, ndipo pa laputopu yanga ya 8 GB multicam inkachita chibwibwi moti ndinkaona ngati milomo yachedwa pomwe inali bwinobwino. Ndinasuntha zidutswa zingapo popanda chifukwa ndisanazindikire kuti mankhwala ake ndi kupanga ma proxy, omwe ndi makope opepuka ogwirira ntchito. Ngati kompyuta yanu ingaisenze, Resolve ndiyo ndingasankhe.

Pali zinthu ziwiri zimene simungazisiyire pulogalamu iliyonse mwa izi. Mafoni ambiri amajambula ndi liwiro la mafelemu losinthasintha, motero chidutswa chimayamba chogwirizana koma pofika pakolasi yachiwiri milomo imakhala itatsogola kapena kutsalira. Musanayambe kudula, dutsitsani zidutswazo mu HandBrake, pulogalamu yaulere yosinthira mafayilo a kanema, kuti liwiro likhale lokhazikika.

Chachiwiri ndi sipika ya pamalo ojambulira. Pulogalamu imagwirizanitsa zimene kamera inamva, choncho nyimbo iyenera kumveka bwino kuposa mphepo ndi phokoso la anthu. Ife tinawonjezera kugogoda kunayi kumayambiriro kwa nyimbo, komwe kunathandiza woyimba kulowa pa nthawi yake komanso kunasiya timizere tinayi toonekeratu pa mafunde. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kutanthauza kuti kamera ikakhala mamita 14 kuchokera pa sipika, imamva nyimbo mochedwa ndi felemu imodzi. Sipika ikhale pafupi ndi woyimba kuti iye asachedwe, ndipo zidutswa zojambulidwa patali muzisunthe nokha ndi felemu imodzi kapena ziwiri pulogalamu ikamaliza kugwirizanitsa.