Ndemanga: bambo amene anatikonzera magineto ya Farmall H

Ndikuwapatsa nyenyezi 4 pa 5.

Thirakitala yathu ndi Farmall H ya kampani ya International Harvester, mtundu umene unkapangidwa kuyambira 1939 mpaka 1953. Moto wa mapulagi ake suchokera ku batire, umachokera ku magineto ya H4, kachipangizo kamene kamapanga magetsi pakokha injini ikamazungulira. Inayamba kuvuta kulira, ndipo ukaipukusa ndi handulo inkabweza mwaukali woti nkuthyola mkono. Amakaniko achinyamata ankangoti tiichotse magineto tiike koyilo ya batire. Ine ndinakana, mpaka tinapeza bambo wachikulire amene ntchito yawo ndi yomweyi.

Magineto anaitenga kukaitsegula kwawo. Anasintha kondensa, anapala mapointi (tizitsulo tolumikiza ndi kudula magetsi) nkuwatchera mpata wa 0.013 inchi, maginito ake nkuwapatsanso mphamvu. Izi ena akhoza kuchita. Chimene ndawatayira kamtengo ndi choti sanangotipatsira m'manja, anabwera okha kudzatchera taimingi, kapena kuti nthawi imene moto umatulukira, pa thirakitala pomwepo.

Anamasula pulagi ya silinda yoyamba, yoyandikana ndi redieta, nkutseka bowo lake ndi chala. Ine ndinkapukusa handulo pang'onopang'ono mpaka mpweya unayamba kukankha chalacho. Kenako tinayang'ana kachizindikiro ka pa pule kuti kalunjike pa kamuvi, kusonyeza kuti pisitoni yafika pamwamba penipeni. Mu magineto muli kasipuling'i, impulse coupling, kamene kamagwira kenako nkufwamphuka kuti "tha!" potulutsa moto. Iwo ankasuntha magineto pang'ono, kumvetsera, kubwerezanso, kufikira kulirako kunagwera pa chizindikiro ndendende. Anandifotokozera kuti moto ukatuluka pisitoni isanafike pamwamba, injini imabwerera m'mbuyo, ndiye kubweza kwa handulo kuja. Mawaya a mapulagi anawaikanso mwa dongosolo limene masilinda amalandirira moto, 1-3-4-2, ndipo anandionetsa kagwiridwe ka handulo: chala chachikulu chisaizungulire, ndipo uzikokera m'mwamba, osakankhira pansi.

Nyenyezi imodzi ndawachotsera chifukwa cha nthawi. Tsiku limene analonjeza linadutsa, foni osayankha, ife mvula ili pafupi munda usanagaulidwe. Mtengo nawo ndi wokwererapo, ngakhale sindikudandaula nawo kwenikweni poti zipangizo za H4 sizipezeka wamba.

Panopa injini imalira msanga ngakhale m'mawa kukuzizira, ndipo ikakoka pulawo siphonya. Ngati muli ndi thirakitala ya magineto apatseni ntchito, koma muwapititsire nyengo yolima ikadali kutali, ndipo mugwirizane mtengo wophatikiza ulendo wodzatchera taimingi.