YouTube, TikTok, Facebook kapena WhatsApp: amene angalipire munthu wa ku Tete ndani?

Wachinyamata wa ku Ulónguè kapena ku Furancungo amene akufuna kuti foni yake izibweza ndalama zogulira mamega ayenera kudziwa kaye amene adzamulipire, chifukwa pa masamba a mchezo ena amalipira ndi kampani, pomwe pa ena amalipira ndi wamalonda wa pamsika.

YouTube ndiyo ili ndi malamulo omveka bwino. Kuti munthu ayambe kugawana nayo ndalama za otsatsa malonda, amafunika anthu 1,000 olembetsa pa tchanelo chake komanso maola 4,000 oonera m'miyezi 12, ndipo akavomerezedwa amalandira 55 peresenti ya ndalamazo pa mavidiyo aatali. Zimadzera ku AdSense, njira ya Google yolipirira opanga mavidiyo, imene imadikira kuti zikwane madola 100 isanatumize, ndiponso imatsimikiza kumene munthu akukhala potumiza nambala yachinsinsi pa positi, chinthu chosapepuka kwa wokhala kumudzi ku Tsangano. Vuto lalikulu lili pa oonera. Otsatsa malonda amalipira molingana ndi dziko limene woonera ali, choncho vidiyo ya m'Chichewa, ngakhale itakondedwa kuyambira ku Dedza mpaka ku Chipata, imabweretsa zochepa poyerekeza ndi yooneredwa ku Ulaya. Chipwitikizi chingafikitse munthu ku Maputo ndi ku Portugal, koma kumeneko opikisana naye ndi ambiri. Musanagule kamera, onani ngati dziko lathu la Mozambique lili pa mndandanda wa mayiko amene YouTube imavomereza, popeza mndandandawo umasintha.

TikTok imatchukitsa munthu msanga, koma ndondomeko yake yolipira opanga mavidiyo ili m'mayiko ochepa monga United States, Germany ndi Brazil, ndipo kuno sinafike. Chotsala ndi mphatso za oonera pa LIVE, zimene kampani imadulapo gawo lake. Facebook inayamba kuphatikiza njira zake zolipira mu 2024, koma ine sindingalangize munthu kuti aziyembekezera malipirowo. Phindu lake lenileni ndi lakuti akuluakulu ndi amalonda ambiri ali kumeneko.

WhatsApp silipira wina aliyense, komabe kwa ife ndiyo ili pafupi kwambiri ndi ndalama. Munthu amene Status yake imaonedwa ndi anthu mazana angapo a ku Moatize ndi mumzinda wa Tete akhoza kugwirizana ndi mlimi wa mbatata ya kachewere ku Angónia, kapena wogulitsa kapenta wa ku Cahora Bassa, kuti azimulengezera katundu n'kumalandira kangachepe pa thumba lililonse logulidwa. Malipirowo amalowa tsiku lomwelo m'ma meticais kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola, popanda banki kapena positi. Kuipa kwake n'kwakuti Status imafufutika pakatha maola 24, ndipo katundu akakhala woola, wogula amadzudzula inuyo amene amakudziwani, osati mlimi.

Kwa woyamba, ndingasankhe Facebook yoitanira anthu ndi WhatsApp yomalizira malonda, YouTube n'kumaikulitsa pang'onopang'ono. Sungani nambala za makasitomala m'kope, chifukwa pamene masamba a mchezo anatsekedwa chisankho cha October 2024 chitachitika, amene anali ndi nambalazo ankatha kuimba foni n'kugulitsabe.