Chithunzi cha sikani ya mimba: kuchiika mu fulemu kapena kuchijambulitsa pansalu?

Amayi ambiri kuno ku Chipata akachoka kosikanitsa mimba amangopinda kachithunzi kaja m'khadi la sikelo. Wofuna kukasunga bwino angakaike mu fulemu momwe kalili, kapena angapite nako kwa katswiri wojambula kuti akakope pansalu ndi utoto.

Mtengo: fulemu ndi yotchipa. Wojambula amawerengera nsalu, utoto ndi luso lake.

Kulimba: apa fulemu yagonja. Makina ambiri a sikani amasindikiza papepala longa la malisiti, lomwe limasuluka ndi dzuwa ndipo limada likatenthedwa. M'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala silichedwa kuwonongeka. Chonde musalipange lamineti, lidzada bii. Utoto wabwino umakhala zaka zambiri.

Maonekedwe: kapepala kamaonetsa zenizeni, kamutu ndi kamsana kopindika m'mdima wotuwa, ngakhale agogo amavutika kuzindikira. Wojambula amawalitsa mphuno ndi tizala, koma ena amakometsa mpaka mwana kusanduka wina.

Fulemu ikuyenera ofuna chenichenicho, bola aijambuliretu pafoni ndi kuipachika pamthunzi. Nsalu ikuyenera ofuna chokongoletsa pabalaza, ndipo ine ndingadikire mwana abadwe kaye ndisanaipachike.