Rauta ndi kabatire kake: mmene zandichitira ku Mabvuku kuyambira Meyi

Mu Meyi 2024 ndinalemba za zipangizo ziwiri zimene ndinali nditangogula kumene m'tauni: rauta yolowetsa simukhadi, imene imagawa intaneti ya Wi-Fi m'nyumba, ndi kabatire kakang'ono koiyatsa magetsi akathima, kamene ogulitsa amakatcha mini UPS. Nthawi imeneyo ndinaziyamikira zonse. Ndinati intaneti ikuthamanga bwino, kabatire nakonso kakukwanitsa maola pafupifupi 5. Ambiri mwakhala mukundifunsa, ena kutchalitchi ena pa WhatsApp, ngati mawu anga akadali omwewo. Panopa zipangizozi zaona chisanu cha Juni, kutentha kwa Okutobala ndi ziphaliwali za dzinja lino, ndiye ndingathe kuyankha mosakayika. Rauta ndikuiyamikirabe. Kabatire ayi, ndipo nkhani yaikulu yagona pamenepo, chifukwa kuno ku Harare chimene chimalamula ngati pakhomo pali intaneti kapena ayi ndi batire.

Kwa amene simundidziwa, ndimakhala ku Mabvuku ndipo ndimasoka mayunifomu a ana a sukulu ndi zovala za amayi a Chigwirizano. Maoda ambiri amabwera pa WhatsApp: munthu atumize chithunzi cha sitayilo, atumize miyezo, ndalama alipire pa EcoCash. Tsiku lopanda intaneti ndi tsiku lopanda kasitomala. Pakhomo tilipo ine, abambo a kunyumba, ana athu, ndi bambo anga ondibereka, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata nthawi ya Chitaganya, mzinda uno ukutchedwa Salisbury. Iwowo alibe nazo ntchito za masitayilo. Chimene amafuna n'kumva mawu a kumudzi.

Za rauta sindichulutsa. Imayaka tsiku lililonse, sinayambe yadzizimitsa yokha, ndipo mafoni onse a m'nyumba amalumikizika popanda kukankhana. Ubwino wake waukulu ndi wakuti si yomangidwa ku kampani imodzi. Ndinayesamo simukhadi ya Econet ndi ya NetOne, n'kusankha imene imakoka bwino pamalo pathu. Musandifunse kuti yabwino ndi iti, chifukwa anzathu a tsidya la msewu anayesa chimodzimodzi napeza zosiyana ndi ife. Zimatengera kumene kuli nsanja ya netiweki ya mafoni ndi zimene zatchinga pakati. Bwerekani simukhadi ya mnzanu, muyese madzulo nthawi imene anthu ambiri ali pa intaneti, osati m'mawa kukadali phee. Malo oiika nawonso ndi nkhani: yathu ili pamwamba pa kabati pafupi ndi windo loyang'ana kumene kuli nsanja, ndipo mukangoitsitsira patebulo timagetsi tosonyeza mphamvu ya netiweki timachepa pomwepo.

Chimene ogulitsa sakuuzani n'chakuti foni ikaona Wi-Fi imayesa kuti intaneti ndi yaulere. Imayamba kukonzanso mapulogalamu ake, kutumiza zithunzi zonse kumalo osungira, kukopera vidiyo iliyonse yobwera m'magulu a WhatsApp, ngakhale mwini wake ali mtulo. Bandulo ya mwezi imatha mwezi usanafike pakati popanda amene waonera kanthu. Mankhwala ake ndi osavuta koma ayenera kuchitika pa foni iliyonse. Pa mafoni a Android pali malo pansi pa dzina la Wi-Fi ouza foni kuti intanetiyi ndi yolipira, palembedwa kuti metered. Pa WhatsApp zimitsani zokopera zokha. Ana auzeni kuti YouTube aziionera pa 360p, mulingo wa chithunzi wosadya data yambiri, pa sikirini ya foni imaoneka bwinobwino. Titachita zimenezi bandulo yomwe ija inayamba kufika kumapeto a mwezi, mpaka tinatha kupatsako pasiwedi mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe amene ankakonzekera mayeso a boma a ZIMSEC. Mayi ake ankasonkhako kangachepe, ife osadandaula.

Tsopano za kabatire.

Pa bokosi lake panalembedwa 10,400 mAh m'zilembo zikuluzikulu. Nambala imeneyi ndiyo imakopa aliyense, koma payokha siikuuzani kanthu. Zili ngati munthu akuuzeni kuti wakupatsani zidebe khumi za chimanga osanena kukula kwa chidebecho. Mkati mwa kabokosiko muli timabatire tinayi ta 2,600 mAh kamodzi, ndipo kalikonse ndi ka 3.7V, pamene rauta imafuna 12V. Kuti mudziwe mphamvu yeniyeni, chulukitsani 10.4 (ndiye 10,400 ija mutaigawa ndi 1,000) ndi 3.7, mupeza pafupifupi 38 Wh, kutanthauza mawati 38 kwa ola limodzi. Rauta ngati yathu palembedwa 12V 1A, kutanthauza kuti siingapitirire mawati 12, ndipo nthawi zambiri imadya cha m'ma 6 mpaka 8. Gawani 38 ndi 7, muchotsenso mphamvu ina imene imatayika pokweza 3.7V kufika 12V, mutsala ndi maola 4 kapena 5. Ndiwo aja ndinawayamikira mu Meyi. Kabatireko sikananame, kanachita zimene kangathe. Vuto n'lakuti kanapangidwira dziko limene magetsi amathima kwa kanthawi n'kubweranso.

Ife chaka cha 2024 sichinali chotero. Mvula ya 2023 mpaka 2024 inakanika chifukwa cha El Niño, yomweyo imene inaumitsa chimanga kwa abale athu ku Malawi, ndipo madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri. Makina a Kariba a mbali ya Zimbabwe angathe kupanga magetsi okwana mamegawati 1,050, koma popanda madzi okwanira ankapanga kagawo kochepa chabe. Mayuniti 7 ndi 8 a pa siteshoni ya magetsi a malasha ku Hwange, amene anawonjezera mamegawati 600 mu 2023, anathandiza koma sanatseke dzenje lonse. Chakumapeto kwa chaka madera ambiri a Harare ankakhala opanda magetsi mpaka maola 18 patsiku. Kwathu kuno ankapita m'bandakucha n'kubwera usiku cha m'ma 10 koloko. Ndiye kabatire ka maola 5 kankatha dzuwa lisanafike paliwombo, masana onse ndi madzulo n'kukhala chete.

Ndinayamba kuzimitsa rauta nthawi imene palibe akuigwiritsa. M'mawa ndiyatse, ndiyankhe makasitomala, ndizimitse. Masana chimodzimodzi. Mphamvu yotsalayo ndinkaisungira madzulo, ana akaweruka ndiponso nthawi ya bambo yoimbira kumudzi. Mwayi wake Malawi ndi Zimbabwe nthawi ndi imodzi, ndiye kuno kukamada kumenekonso anthu amakhala atabwerako kudimba. Njira imeneyi inagwira, komabe kabatire kankatheratu tsiku lililonse n'kudzazidwanso usiku uliwonse, ndipo timabatire ta mtundu umenewu sitikonda moyo wotero. Timayamba kufooka tikadzazidwa ndi kutha maulendo mazana ochepa chabe, ndipo kutentha kumafulumizitsa zinthu. Mu Okutobala m'nyumba zathuzi mumatentha mmene mukudziwira, makamaka pafupi ndi denga pamene rauta imafuna kukhala. Ndinagula waya wautali kuti rauta ikhale pamwamba, kabatire kakhale pansi pa simenti pozizirirako. Zinathandiza, koma pofika Novembala maola 5 aja anali atasanduka awiri ndi theka.

Mwezi womwewo kunagwa maliro ku Dedza. Anatisiya ndi azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, womaliza mwa amene anabadwa nawo. Bambo miyendo inafooka, ulendo wa basi wodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete sangauthenso. Tinagwirizana ndi msuweni wanga kumeneko kuti atiimbire pa vidiyo nthawi yonyamula thupi. Tsiku limenelo sindinayatse rauta kuyambira m'mawa, makasitomala onse anadikira. Kunabwera matchona anzawo a bambo a ku Tafara ndi kuno ku Mabvuku, azigogo a zipewa zawo m'manja, n'kukhala pabalaza. Foni ndinaitsamiritsa ku chitini cha mabatani patebulo la mashini. Chithunzi chinkaduka, nthawi zina n'kungoima pa mtengo wa mango wa pabwalo, koma nyimbo za amayi zinkamveka bwinobwino. Bambo anasendera pafupi, nkhope pafupifupi kukhudza sikirini, n'kumatchula mayina a anthu amene ankadutsa. Ena anawazindikira ndi mayendedwe okha. Kenako anati, “Mwananga, uwauze asazimitse kufikira atatsitsa.” Ine maso anali pa timagetsi ta kabatire. Tinali tinayi, tinatsala tiwiri, kenako kamodzi kakuphethira. Kanafika kumanda, kanamva pemphero, n'kuzima abusa akutsanzika anthu. Kabatireko ndimakadandaula, koma tsiku limenelo kanagwira ntchito imene ndalama sizingalipire, ndipo sindidzaiwala.

Ndinaphunzirapo kanthu kena tsikulo kokhudza netiweki. Nsanja nazonso zimadalira magetsi, ndipo akathima nthawi yaitali zimayendera mabatire, majenereta kapena sola. Pamwamba pa izo, dera lonse likakhala mumdima, TV kulibe, aliyense amathamangira pafoni, nsanja imodzi n'kusenza anthu onse. N'chifukwa chake madzulo intaneti imakwawa ngakhale rauta ikuonetsa kuti netiweki ndi yodzadza. Zikatero musalimbane ndi vidiyo. Izimitseni mutsale ndi mawu okha, amene amadya data yochepa kwambiri ndipo amadutsa ngakhale njira yapanikizika. Bambo masiku wamba amaimba mawu okha, ndipo kukambirana kwawo sikudukaduka.

Mu Disembala kabatire kaja ndinakatengera kwa mnyamata wina wokonza mafoni cha ku Gulf Complex. Anamasula tizitsulo tinayi, n'kundionetsa mkati: timabatire tinayi tozungulira ta buluu, totalika ngati chala, tolumikizidwa ndi kachitsulo kopyapyala. Palibe dzina la wopanga pa kalikonse. Anayeza kamodzikamodzi ndi kamakina kake, n'kupeza kuti kamodzi kanafooka kuposa tinzake ndipo ndi kamene kankachititsa kuti kabokosi konse kazizima msanga. Anati, “Amayi, tikasintha kamodzi kokha mubweranso posachedwa. Tisinthe tonse.” Ndinavomera. Mtengo wake unali pafupifupi theka la kabatire katsopano, ndipo maola anabwerera cha m'ma 4. Anandichenjezanso chinthu chimene ndikufuna aliyense amve: kabokosi kakayamba kutupa kapena kutentha kwambiri potchaja, kachotseni pa magetsi nthawi yomweyo, chifukwa timabatire totere timatha kuyaka moto. Ngati magetsi anu amabwera anthu mukugona, musakaike pa matiresi kapena pafupi ndi nsalu. Kwa ine wa nyumba yodzadza ndi nsalu za eni ake, mawu amenewo ndinawasunga.

Ena mwandifunsa chifukwa chake sindinangogula Starlink, intaneti ija yodzera pa setilaiti, popeza inayamba kugwira ntchito kuno mu Seputembala 2024, ku Malawi itayamba kale mu 2023. Poyamba, malo a mu Harare anadzadza patangopita nthawi yochepa, anthu ambiri n'kuyamba kudikira pamzere. Koma ngakhale malo akanakhalapo, funso langa likanakhala lomwe lija la magetsi. Ngakhale kambale kakang'ono ka Starlink kamadya magetsi ochuluka kangapo kuposa rauta yanga, ndiye kabatire ngati aka sikangapite nako patali. Amene ali ndi sola yaikulu padenga ndi mabatire ake, kapena ali kumafamu kumene netiweki ya mafoni siifika, kwa iwowo n'chinthu chabwino kwambiri. Kwa telala wa ku Mabvuku amene nsanja akuiona pawindo, ndalama imeneyo ndi bwino ipite ku batire.

Dzinja lino labweretsa nkhani ya ziphaliwali. Mvula ya Harare ikamabwera ndi mabingu, ndimazula kabatire pasoketi, rauta n'kumayendera batire lokha mpaka kunja kutakhala bata. Ndimachitanso chimodzimodzi magetsi akathima: ndimazimitsa soketi, ndipo akabwera usiku ndimadikira mphindi zingapo ndisanayatse, chifukwa nthawi imene akungobwera kumene ndi imene amatha kubwera mwamphamvu n'kuotcha zinthu. Kachipangizo koteteza ku magetsi amphamvu n'kotchipa poyerekeza ndi rauta yatsopano, ndipo ine ndinakaika.

Ndiye mukandifunsa lero ngati ndingagulenso: rauta, eya, yomweyo, bola ikhale yolandira simukhadi ya kampani iliyonse. Kabatire ka 10,400 mAh ndingakalangize kwa munthu amene kwawo magetsi amathima maola ochepa, monga ena okhala pafupi ndi zipatala zikuluzikulu kapena pakati pa tauni. Kwa ife a Mabvuku, Tafara, Mufakose ndi Highfield, magetsi akamathima ngati mmene ankachitira mu 2024, n'kochepa. Pogula musafunse za mAh, funsani za Wh, ndipo wogulitsa akapanda kudziwa werengerani nokha mmene ndachitira pamwambapa. Funsaninso ngati batirelo ndi la mtundu wa LiFePO4. Limenelo ndi lolemera komanso lodulirapo, koma limapirira kudzazidwa ndi kutha maulendo masauzande, ndipo silichedwa kuonongeka ndi kutentha ngati timabatire tanga tija. Ine ndayamba kale kusunga ndalama za maoda a mayunifomu a Januwale. Ndikufuna batire la mtundu umenewo la 12V ndi panelo ya sola ya mawati 50, yoti izidzaza masana dzuwa likuswa mtengo, osadikira magetsi a usiku. Abambo a kunyumba ayeza kale malo padenga, mbali yoyang'ana kumpoto.