Sukulu zilamulidwe kulikulu kapena ku makhonsolo?

Nkhani ya mphamvu ku anthu ikafika pa maphunziro, anthu amagawanika pawiri. Ena amafuna unduna ugwire zonse: ndalama, aphunzitsi, silabasi ndi mayeso. Ena amati amene amagona pafupi ndi sukulu ndiye amadziwa kuti denga likudontha pati.

Ubwino wa kulikulu ndi wakuti ana amalandira zofanana. Ku France mphunzitsi ndi wantchito wa boma lalikulu, ndipo silabasi ndi imodzi dziko lonse, kaya mwana ali ku Paris kaya kumudzi. Chovuta chake ndi mtunda. Pempho la mphunzitsi mmodzi wa masamu limadutsa maofesi angapo, ndipo woyankhayo sukuluyo sanaionepo n'kamodzi komwe.

Njira ya makhonsolo imakopa, koma mbiri yake imandidetsa nkhawa. Dziko la Chile linayamba kupereka sukulu za boma kwa makhonsolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Makhonsolo olemera ankathiramo ndalama zawo, osauka n'kumangodalira zochepa zochokera kuboma. Mu 2017 dzikolo linakhazikitsa lamulo lochotsa sukuluzo m'manja mwa makhonsolo. Ku United States nako, gawo lalikulu la ndalama za sukulu limachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo a m'deralo, choncho mwana wobadwira kumene nyumba n'zotsika mtengo amayamba ulendo ali kale m'mbuyo. Ichi chimandipweteka mtima, chifukwa mwana sasankha kobadwira.

Kuyandikira sikutanthauzanso kuti ndalama zifika. Ku Uganda, kafukufuku wa 1996 anapeza kuti pakati pa 1991 ndi 1995, pa ndalama zoyendetsera sukulu za pulayimale, pafupifupi 13 peresenti yokha ndi imene inkafika kusukulu. Zambiri zinkathera m'maofesi a m'maboma. Boma litayamba kulengeza m'nyuzipepala ndalama zimene latumiza, ndi kulamula kuti sukulu zizimata ziwerengerozo poonekera, pofika 2001 zofika kusukulu zinakwera kufika pafupifupi 80 peresenti. Chimene chinasintha n'chakuti mphunzitsi wamkulu ndi makolo anadziwa ndalama zimene ayenera kulandira, n'kuyamba kufunsa.

N'chifukwa chake ine sindikuona kuti pakufunika kusankha mbali imodzi yathunthu. Ngakhale ku France komweko, nyumba za sukulu za pulayimale zimasamalidwa ndi makhonsolo. Ku Kenya, malamulo oyendetsera dziko a 2010 anapereka sukulu zamkaka kwa maboma a zigawo, pamene kulemba ntchito aphunzitsi a pulayimale ndi sekondale kunatsalira ku Teachers Service Commission, bungwe loona za aphunzitsi m'dziko lonselo. Kugawana kotereku ndi kumene ndimagwirizana nako. Silabasi, mayeso, malipiro ndi kugawa aphunzitsi mwachilungamo zikhale kulikulu, ndipo madera osauka azilandira zochulukirapo. Kukonza makalasi, zimbudzi, madesiki ndi kuona ngati mphunzitsi wabwera kuntchito zikhale kwa khonsolo ndi komiti ya sukulu.

Malawi anavomereza ndondomeko ya mphamvu ku anthu mu 1998, ndipo sukulu za pulayimale zili m'gulu la ntchito zoperekedwa kwa makhonsolo. Chimene ndimaopa kulikonse kumene njirayi ikutsatidwa n'chakuti udindo umatsika msanga kuposa ndalama. Khonsolo ikapatsidwa sukulu koma thumba n'kufika mochedwa, kholo lodandaula limauzidwa kuti lipite kuunduna, ndipo kuunduna amalibwezanso kukhonsolo, mwana akuphunzirabe pansi pa mtengo.