Magetsi a masana pa galimoto yakale: tepi ya LED, magetsi a kabokosi, kapena kungoyatsa dimu

Chiikireni magetsi oyaka masana pa Toyota Corolla yanga ya 2002, anzanga a kuno ku Ulongwe akhala akundifunsa kuti iwo agule otani, choncho ndaona kuti ndiyankhe onse pamodzi. Galimoto zathu zakale zochokera ku Japan zinabwera zopanda magetsi amenewa, pamene ku Ulaya galimoto za mitundu yatsopano zinalamulidwa kukhala nawo kuyambira mu February 2011. Amene anayendapo pa msewu wa N7 pakati pa Moatize ndi Zóbue akudziwa mmene galimoto yotuwa imasowera m'fumbi la malole, moti wobwera kutsogolo amayamba kupitirira mnzake asanakuoneni.

Ndinayamba ndi tepi ya LED yomata, imene ndinagula pamsika mumzinda wa Tete chifukwa inali yotsika mtengo kwambiri. Mnyamata amene anandiikira anakoka waya kuchokera pa batire penipeni, popanda fyuzi, n'kuika kaswitchi pansi pa chiwongolero. Vuto la magetsi a masana n'lakuti woyendetsa sawaona ali m'kati, ndipo tsiku lina Lachisanu ndinaimika galimoto m'galaja akuyakabe. Tepi yotere imakoka moto wochepa, mwina ampeya imodzi yokha, koma ikayaka kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba imamaliza batire ya galimoto yaing'ono, ndipo batire yokalamba ikatheratu chomwecho sibwereranso mwakale ngakhale muitchaje. Lolembalo ndinayenera kutengera mayi anga kuchipatala, koma injini sinalire. Batire yatsopano inandidyera ndalama zoposa mtengo wa tepiyo kangapo, ndipo mtengo umenewu wogulitsa tepi sautchula.

Sizinathere pomwepo. Kutentha kwa ku Tete mu October, kumene kumapitirira madigiri 40, kunafewetsa guluu mpaka tepi inayamba kulendewera pa bampala, ndipo mvula itagwa madzi analowa, theka la timababu n'kufa, totsalato n'kumaphethira. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ngakhale ili yatsopano, tepiyo inkaoneka bwino madzulo okha. Ilibe galasi lolunjikitsa kuwala kutsogolo, choncho pa dzuwa la masana, nthawi imene ndinaigulira, munthu wakutali sankaiona.

Kachiwiri ndinagula magetsi a LED okhala m'chikopa cha aluminiyamu, amene amabwera ndi kabokosi kowongolera, monga amene amapanga a Philips ndi a Osram. Enieni amakhala ndi chilembo E ndiponso RL pagalasi, kusonyeza kuti akutsatira muyezo wa mayiko wa magetsi a masana wotchedwa R87, umene umafuna kuti nyali iliyonse iwale pakati pa makandela 400 ndi 1200 (kandela ndi muyezo wa mphamvu ya kuwala). Kabokosiko n'komwe kananditenga mtima. Injini ikalira, alitaneta imakweza moto kufika pafupifupi mavolti 14, kabokosi n'kuyatsa magetsi kokha, ndipo injini ikazima nawonso amazima. Mukayatsa magetsi akuluakulu usiku, a masanawo amazima kapena kuchepa mphamvu kuti asathobwe m'maso anzanu. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo muwerengerenso ndalama za wamagetsi ndi zoboola bampala, pakuti bampala ya galimoto yakale ilibe malo okonzedweratu. Ngakhale zili choncho, adutsa nyengo ziwiri za mvula osandivutitsa, ndipo ndiwo ndimauza aliyense kuti agule.

Njira yachitatu siifuna kugula kanthu, ndiyo kuyenda mutayatsa dimu, magetsi akuluakulu ounikira pafupi aja. Mababu awiri a mawati 55 amakoka mawati 110, osawerengera a kumbuyo, ndipo amapsa msanga akamayaka tsiku lonse. Ngati galimoto yanu siilira pokuchenjezani, mutha kuwaiwalanso. Komabe kwa amene ndalama zavuta, dimu ikuposa tepi kutali. Ilinso ndi ubwino umene magetsi a masana alibe, chifukwa imayatsa ndi a kumbuyo omwe. M'nkhungu ya mu June ndi July cha ku Tsangano, kapena mukamakwera kulowera ku Calómue m'mamawa, ine ndimayatsabe dimu kuti lole yobwera pambuyo indione.

Tepi sindingailole kuti ibwererenso pa galimoto yanga, ngakhale wina andipatse yaulere. Mukasankha a kabokosi, uzani wamagetsi aike fyuzi pafupi ndi batire ndipo akulunge bwino polumikizira mawaya, ndipo musanamulipire zimitsani injini, chotsani kiyi, muime kutsogolo kwa galimoto mpaka muone ndi maso anu kuti azima.