Payipi yakuda ya labala ndi mawasha ake: ndathirira nayo chaka chathunthu

Ndili ndi kadimba ka mpiru, repu ndi tomato kuseri kwa nyumba kuno ku Chitakale. Anthu akutali amaganiza kuti ku Mulanje mvula siikata, koma Seputembala ndi Okutobala nthaka imauma gwa ngati kwina kulikonse. Kheni itandithyola msana, ndinaganiza zogula payipi.

Yoyamba inali ya pulasitiki yoonekera mkati ija, yotchipa komanso yopepuka. Sindingakulimbikitseni. Poti kuwala kumalowa, mkati munamera ndere mpaka payipi yonse kubiriwira. Nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, inkauma ngati ndodo, ukaikoka pang'ono n'kupindika, madzi n'kutsekeka. Dzuwa litabwera inayamba ming'alu pomwe inkapindikira paja. Ndinamanga ndi malegeni malo atatu, kenako ndinaisiya.

Yomwe ndikugwiritsa ntchito pano ndi yakuda ya labala, ya ulusi mkati, ya 3/4 inchi, yotalika mamita 30. Ndinaigula kuhadiweya ina ku Limbe. Mtengo unandiwawa, ndisaname, ndipo mayi a kunyumba anandiyang'ana ndi diso lina nditawauza. Koma chaka chatha osabooka paliponse. Ulusi uja ndi umene umaigwira kuti isafufume madzi akabwera ndi mphamvu, ndipo pampopi wanga usiku amabweradi ndi ukali. M'mawa wozizira imakhalabe yofewa, imazungulira mabedi popanda kupindika. Zoipa zake ndi zitatu. Ndi yolemera, moti mwana sangaikoke yekha ili ndi madzi, ndipo ukaikoka mosasamala imagwetsa mbande. Komanso ikakhalitsa padzuwa imasiya zakuda m'manja. Madzi ake amamveka fungo la labala, ndiye akumwa timatunga pampopi penipeni.

Tsono nkhani ya washa, kanthu kozungulira kamene kamakhala m'cholumikizira cha payipi kumpopi, ndi imene yandilembetsa ndemangayi. Sabata yoyamba payipi yatsopanoyi inkadontha polumikizira kumpopi, mpaka pansi kuchita matope. Ndinakwiya, n'kumati andigulitsa chinthu chabodza. Ndinamanga thiredi tepi, ndinalimbitsa ndi pulayazi, osatheka. Pulambala wina woyandikana nane anangomasula, n'kutulutsa kawasha kamene kanabwera ndi cholumikiziracho. Kanali ka pulasitiki yolimba. Anati, "Achimwene, apa chotseka madzi si mazinga ayi, ndi washa. Akakhala wouma sagona bwino pamlomo wa mpopi, ngakhale mumange bwanji." Anaikamo wa labala wofewa, n'kumanga ndi dzanja lokha. Dontho silinaonekenso.

Kuyambira pamenepo ndayesa mitundu ingapo. Ofiira olimba aja, a faiba, amafufuma akanyowa n'kutseka bwino, koma ndi oyenera pamalo oti mukamanga simumasulanso. Ine ndimachotsa payipi madzulo aliwonse kuopa akuba, ndiye sanachedwe kunyenyeka. Wodula pachubu cha njinga amathandiza tsiku lomwe mwasowa pogwira, kungoti ndi wopyapyala, amafuna kuphatikiza awiri, ndipo amaterereka mukamamanga. Wodula papatapata wakale amaphwatalala msanga. Wa labala wakuda wokhuthala ndiye wandikhalira, ndangosintha kamodzi kokha atayamba kuuma. Ndinagula angapo n'kusunga m'kabotolo pawindo la kukhitchini, chifukwa kanthu kameneka kamagwa mukamamasula ndipo muudzu simungakapeze.

Cholumikizira chapulasitiki chija nachonso chinasweka, mwina chifukwa cha pulayazi yanga ija. Ndinaikapo chachitsulo chachikasu, chomwe sichichita dzimbiri, ndi kakilampu kogwira payipi.

Ndikamaliza kuthirira ndimatseka kumpopi, kukhuthula madzi otsala, n'kuikulunga mozungulira pamthunzi. Payipiyi ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha kulemera ndi kawasha kachabechabe kamene anaikamo. Mukamagula, masulani cholumikizira muli m'shopu momwemo, mutsine washa ndi chikhadabo. Akapanda kulowa chikhadabo, pemphani wina.